Kusewera ndi Kuwala mu Mzinda wa Makandulo

Pali luso lina limene sungalipachike pakhoma ngati chithunzi, kapena kuliimika pabwalo ngati chiboliboli. Umalowa m'chipinda chamdima, ndipo kuwala kumayamba kukutsatira. Ukaponda pansi, maluwa a kuwala amaphuka mozungulira phazi lako. Ukakhudza khoma, maluwawo amayoyoka. Ukaima pamene pakugwa mathithi, madziwo, amenenso ndi kuwala chabe, amapatuka n'kukulambalala ngati ndiwe mwala. Ku Tokyo, gulu la akatswiri lotchedwa teamLab linatsegula nyumba yotere mu 2018. Munali makompyuta 520 ndi mapulojekita 470, ndipo m'chaka choyamba chokha munalowa anthu oposa 2 miliyoni. Ku America anthu amaima pamzere wautali kuti alowe m'kachipinda ka magalasi ndi tinyale ka Yayoi Kusama, mayi wa ku Japan, ndipo akalowa amapatsidwa mphindi imodzi, mwina osakwana. Ambiri a ife kuno ku Lusaka zinthu zimenezi timazionera pa foni, pa TikTok kapena pa Facebook, bandulo ikalola.

Nyumba yathu yosungiramo zakale, Lusaka National Museum, ili pa Independence Avenue, kufupi ndi chiboliboli cha munthu wodula unyolo uja. Inatsegulidwa mu 1996. Ndimakonda kupitako mkati mwa sabata, kukakhala zii. Pansi pali zojambula ndi zosema za akatswiri a m'dziko muno, pamwamba pali mbiri yathu, moyo wa kumudzi, ndi zithumwa zimene ana a sukulu amathamangira kukaona uku akuopa. Monga m'nyumba zambiri zotere, umaona ndi maso, manja kumbuyo. Aphunzitsi akabwera ndi ana awo, mawu amene amamveka kwambiri ndi akuti "osagwira!" Nthawi zina ndimaima m'holo yapansi ija n'kumaganiza: bwanji atatseka mawindo onse, kuzimitsa nyale, n'kuikamo chionetsero cha kuwala chimene mwana angachigwire, icho n'kumuyankha? Za ndalama zochitira zimenezo ndikusiyira ena. Ine chimene chimandivuta ndi chakuti kodi n'koyenera kusewera ndi kuwala mu mzinda umene ana amawerengera mayeso pa kandulo.

Amalume anga a ku Chelstone ali ndi yankho lachidule. Iwo amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo mu 2024 anasanduka kadzidzi. Mukuchikumbukira chaka chimenecho. Mvula inakana. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, ndipo nyanja ya Kariba inatsika mpaka mwa makina 6 opangira magetsi a kumbali yathu, amodzi okha ndiwo anatsala akuzungulira. Magetsi athu oposa 80 peresenti amachokera ku madzi, choncho madzi akapita ndiye kuti tapita nawo. Pofika September nyumba zambiri zinkaona malaiti maola 3 patsiku, masiku ena osabwera n'komwe. Amalume ankagona babu ya m'chipinda ili yoyatsiratu, kuti malaiti akabwera pakati pausiku iwadzutse, athamangire kumakina. Tsiku lina ndinawaonetsa kavidiyo ka teamLab pa foni yanga. Anaonera mpaka kumapeto, osaphethira, kenako anandibwezera foni nati: "Iwe mphwanga, aba bantu balibe vochita. Ise tilindila malaiti usiku onse kuti tisebenze, beve basewela nayo."

Sindingawaseke, ndipo musawaseke. Chaka chimenecho wometa wa ku Kabwata ankakhala pakhomo la shopu yake ndi makina m'manja, makasitomala akudutsa ndi tsitsi lawo. Nyama inkawola m'mafiriji a m'mabuchala. Thumba la malasha linakwera mtengo chifukwa aliyense anabwerera kumbaula, ngakhale aja amene anaiwala kukupiza moto. Mwana wa Giredi 12 ankasankha pakati pa kuyatsa tochi ya pa foni kuti awerenge ndi kusunga batire kuti mawa amake adzathe kulandira ndalama. Kwa anthu amenewa kuwala kunali lendi, fizi ndi ndiwo. Munthu wotero ukamuonetsa holo yodzaza ndi maluwa a magetsi amene ntchito yawo ndi kusangalatsa maso basi, ali ndi ufulu wokwiya.

Wodziwa masamu akhoza kuwayankha amalume mosavuta. Babu ya LED imadya pafupifupi mawati 9. Giza imodzi yotenthetsera madzi osamba ku Woodlands ikhoza kudya mawati 3,000, ndiye kuti yokhayo ikumwa zimene zikanayatsa mababu oposa 300. Pafupifupi theka la magetsi a dziko lino limapita kumigodi. Mukatseka chionetsero cha kuwala, makina a amalume sayaka ngakhale mphindi imodzi yowonjezera. Zonsezi n'zoona. Koma ndikukayika ngati amalume ankawerenga mawati.

Kwathu munthu akakupeza ukudya umamuitana kuti asambe m'manja, ngakhale nsima ili yochepa, ngakhale mumtima ukupemphera kuti akane. Ukakhala kuti sufuna kugawa, umalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo manyazi ako amathera pomwepo. Kuwala kulibe chitseko chotere. Yendani usiku wa mdima pamalire a Kabulonga ndi Mtendere. Mbali ino jenereta ikulira, nyale zili ndandanda pamwamba pa mpanda, zina zaikidwa pansi kuti ziunikire mitengo ya maluwa imene palibe akuiyang'ana. Mbali inayo ndi bii, kupatula mbaula zofiira apa ndi apo ndi nkhope za anthu zowala ndi mafoni. Mwini mpandayo sanabe kanthu. Sola yake ndi dizilo wake anagula ndi ndalama zake. Komabe akudya pamaso pa anthu anjala, ndipo sangachitire mwina, chifukwa nyale siibisika. Ndikuganiza kuti chimene chinawapweteka amalume ndi chimenechi: kuona chinthu chimene iwo amachidikira usiku wonse chikutayidwa pansi kuti anthu aziponda uku akudzijambula.

Apa ndiye ndimasiyana nawo. Mawu awo tikawatsatira mpaka kumapeto, amatifikitsa pamalo oipa. Amatanthauza kuti munthu wa mu komboni ayambe wakhuta, walipira lendi, wamaliza sukulu, kenako ndiye adzaloledwe kuona chinthu chokongola chopanda ntchito. Tsiku limenelo silifika. Ndipo amene ali kuseri kwa mipanda sakulidikira. Iwo akwera ndege, akaona za ku Tokyo ndi za ku London, abwera ndi zithunzi. Lamulo lakuti "zokongola zidikire" limangogwira wosauka yekha. Amene munakulira m'tchalitchi mukuidziwa nkhani ya mayi uja anathira mafuta onunkhira okwera mtengo pamapazi a Yesu, wina n'kudandaula kuti bwenzi atagulitsidwa kuti ndalama zake zithandize osauka. Chimene chimandichititsa chidwi m'nkhaniyo ndi chakuti wodandaulayo ndiye amamveka wanzeru. Masamu ake anali olondola. Koma nkhaniyo siimuyamikira.

Ndiponso si zoona kuti ife kusewera ndi kuwala ndi chinthu chachilendo chochokera kunja. Malaiti akapita, ana a m'yadi mwathu amaika kandulo pansi n'kuyamba kupanga kalulu, galu ndi njoka pakhoma ndi zala zawo. Galu wa mmodzi amaluma kalulu wa mnzake, ndipo pamabuka mkangano weniweni. Wina anatulukira kuti ukaika tochi ya foni pansi pa botolo la madzi, chipinda chonse chimawala ngati uli pansi pa dziwe, ndipo ukaligwedeza denga limavina. Pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere amamangirira sitiliwulu ku chingwe, kuyatsa, n'kumazunguza, moto uli thethethe kugwa ngati mvula, amayi akukuwa kuti awotcha nyumba. Palibe anawaphunzitsa. Kandulo imene akuseweretsa ndi yomweyo imene mkulu wawo akuifuna kuti awerengere, ndipo inagulidwa pa kantemba ndi ndalama ya ndiwo. Ndani angaime pamaso pawo n'kunena kuti akuwononga? Amene anali mu Lusaka pa 21 June 2001 amasimbabe za masana aja kadamsana anaphimba dzuwa lonse kwa mphindi zoposa 3, nkhuku n'kuyamba kulowa m'khola, anthu m'misewu akukuwa ndi kuimba mluzu. Palibe anakhuta nazo. Koma papita zaka zoposa 20 ndipo akadali kuzinena.

Choncho ngati chionetsero chotere chingabwere, ndingakonde chikhale mu museum momwemo, pa Independence Avenue, pamene mwana wa ku Kabwata angafike wapansi ndipo wa ku Chelstone angafike ndi minibasi, kusiyana ndi kuti chikhale kuseri kwa geti ya munthu kapena m'hotela. Nyumba ya anthu onse ndi njira imodzi yoitanira wodutsa kuti asambe m'manja.

Koma pali chinthu china m'luso limeneli chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mawati, ndipo amalume sanachitchule. Luso lokuyankhali limakunyengerera. Limakuuza kuti ndiwe wachita. Watambasula dzanja, maluwa aphuka. Waponda, nyanja yagawanika. Makompyuta 520 aja suwaona. Anthu amene analemba mapulogalamu ake suwaona, amene anakwera makwerero kumangirira mapulojekita suwaona, amene amakolopa pansi usiku kuti kuwala kugwere poyera suwaona. Zonse zabisidwa mwadala, chifukwa ukaziona matsenga atha. Umatuluka ukudzimva ngati kamulungu kakang'ono, foni yodzaza ndi zithunzi za iwe mwini.

Ndikaganiza bwino, chionetsero choyamba cha mtundu umenewu chili m'nyumba zathu kale. Ndi kaswichi ka pakhoma. Umadina, chipinda chimawala, ndipo kuyambira uli mwana umakula ukukhulupirira kuti chala chako ndicho chayatsa. Waya unalowa m'khoma, sunauone. Ukautsatira wayawo umatuluka m'nyumba, umakwera pamtengo, umadutsa Kafue, umatsika mapiri mpaka ku Zambezi. Khoma la Kariba linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, makamaka pofuna magetsi a migodi ya kopa ndi mafakitale. Anthu oposa 80 anafa pomanga. Madzi asanakwere, Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe, mbali zonse ziwiri za mtsinje, anachotsedwa m'midzi yawo. Anasiya minda ya m'mphepete mwa madzi imene ankakolola kawiri pachaka, anasiya manda a makolo awo. Mu September 1958, pamudzi wa Chisamu, ena anakana kukwera malole. Apolisi a boma la atsamunda anawombera, ndipo anthu 8 anafa. Masauzande anakatulidwa ku Lusitu, kunthaka youma yachilendo. Nyama zakutchire zinapulumutsidwa ndi mabwato pa ntchito imene inatchedwa Operation Noah, ndipo zithunzi zake zinazungulira dziko lonse lapansi. Mawaya akuluakulu anadutsa kupita ku Lusaka ndi ku Copperbelt, koma kwa zaka makumimakumi midzi yambiri ya anthu osamutsidwawo inkagonabe ndi nyale za palafini.

Zonsezo zili kuseri kwa kaswichi kaja. Sindikunena kuti uzilira nthawi iliyonse ukayatsa babu. Palibe angakhale moyo wotero, ndipo Atonga sapindula kanthu ndi misozi ya munthu wa ku Woodlands. Koma pali kusiyana pakati pa kusangalala ndi chinthu ukudziwa kumene chachokera ndi kusangalala nacho ukuganiza kuti chachokera mwa iwe. Wachiwiriyu ndi amene amati akapeza bwino amanena kuti ndi thukuta lake lokha, osakumbukira azakhali amene anagulitsa tomato pa Soweto Market kuti iye alembe mayeso. Tonse timamudziwa munthu wotero. Ena a ife tikukonzekera kudzakhala iyeyo.

Chaka cha 2024 chinatichitira chinthu chimodzi chimene sitinachipemphe: chinatulutsa waya uja m'khoma. Makondakitala pa Kulima Tower ankakambirana za mamita a madzi otsala mu Kariba ngati akukamba za mpira. Ana aang'ono anadziwa kuti babu ya m'chipinda mwawo ikugwirizana ndi mvula ya kumpoto chakumadzulo kwa dziko, kumene Zambezi imayambira. Malaiti akabwera komboni yonse inkakuwa nthawi imodzi, ndipo palibe ankaganiza kuti wayatsa ndi iyeyo. N'chifukwa chake ndimati munthu wa ku Lusaka akalowa m'chipinda cha kuwala amalowa ndi maso amene wa ku Tokyo alibe. Iye amayamba wafunsa kuti zikuyendera chiyani, sola kapena jenereta, ndipo zikazima ndani adzuke.

Mmodzi mwa akatswiri amene anaganizapo za waya umenewu ndi Olafur Eliasson, wobadwira ku Denmark kwa makolo a ku Iceland. Mu 2003 anapachika dzuwa m'holo yaikulu ya Tate Modern ku London, nyumba imene kale inali yopangira magetsi. Linali theka chabe la dzuwa, lopangidwa ndi nyale zachikasu mazanamazana. Denga lonse analikuta ndi galasi, choncho theka linalo linali chithunzithunzi, ndipo m'holomo ankapoperamo nkhungu. Anthu pafupifupi 2 miliyoni anabwera. Ankagona chagada pansi pa simenti, akuluakulu ovala masuti, kudzifunafuna m'galasi la kudenga, kugwedeza miyendo kuti adzizindikire. Chimene ndimachikonda pa ntchito imeneyi ndi chakuti Eliasson sanabise kumbuyo kwake. Ukayenda mpaka kumapeto kwa holoyo unkatha kuona nyale, zitsulo ndi mawaya. Unkadziwa kuti ndi bodza lopangidwa ndi manja a anthu, ndipo unkabwerera kukagonanso pansi. Kudziwako sikunaphe chisangalalo.

Mu 2012 munthu yemweyo, pamodzi ndi injiniya Frederik Ottesen, anapanga kanyale ka sola kachikasu kooneka ngati duwa, kotchedwa Little Sun, kuti kazigulitsidwa mokwera mtengo kumayiko olemera ndi motsika kumadera opanda magetsi. Pokayambitsa, Tate Modern inkazimitsa nyale m'zipinda zina usiku kuti alendo aziyenda ndi tinyale timeneti poona zithunzi. Pamenepa mtima wanga umagawanika. Kanyaleko ndi kabwino, mwana akhoza kuwerengera. Koma ndikaganiza za anthu a ku London akuyenda mumdima wokonzedwa, wokhala ndi nthawi yoyambira ndi yothera, kenako n'kutuluka kukakwera sitima yowala, ndimamva mawu a amalume akubwereranso. Mdima umene ukudziwa kuti utha 10 koloko ndi masewera. Wathu sunkanena nthawi.

Ndiye ngati wina angandifunse kuti m'holo yapansi ya museum yathu muikidwe chiyani, sindingapemphe za ku Tokyo. Ndingapemphe chipinda chogawidwa pawiri. Mbali imodzi kukhale mdima ndi zonse zimene kuwala kungachite: magalasi, mabotolo a madzi, nsalu za chitenge zounikiridwa kumbuyo, khoma loyera lopangirapo kalulu ndi galu, nyale zokutsatira ukamayenda. Mbali inayo kukhale njinga zingapo zomangirira pansi, zokhala ndi dainamo ngati ija inali panjinga za agogo athu. Kuwala kuziyaka pokhapokha wina akupalasa. Wopalasayo asamaone kanthu, azingomva kukuwa kwa anzake kuseri kwa khoma. Waya wochokera kunjinga uzidutsa poyera, wopakidwa utoto wofiira, kuti aliyense wolowa aulumphe. Palibe chikwangwani chofotokoza za Gwembe chimene chingafunike, ngakhale sindingakane chitaikidwa.

Ndikufuna kuona zimene zingachitike m'chipinda chotere Loweruka masana. Kaya anthu angagwirizane okha zosinthana, kaya pangapezeke mnyamata wopalasira anthu pa K5, chifukwa uno ndi Lusaka ndipo mwayi wa bizinesi sugona. Kaya bambo wobwera ndi banja lake pa galimoto angavule jekete n'kukwera njinga kuti ana a eni ake aone maluwa. Kaya mtsikana amene wakhala mphindi khumi akudzijambula angakumbukire kuti kuseriko mwendo wa munthu ukuwawa. Mwina kungabuke ndewu. Mwina chipindacho chingakhale mumdima theka la tsiku chifukwa aliyense akufuna kulowa mbali yowala, ndipo mdima umenewo ungakhalenso gawo la chionetserocho.

Ndinawafotokozera amalume maganizo amenewa tsiku lina akupenta geti, ndipo ndinawafunsa ngati angawotcherere mafelemu oimikapo njingazo. Anapukuta manja, nafunsa kuti njingazo ndi zingati, chitsulo chake ndi cha saizi yanji, ndipo alipira ndani.